Munda wa atsibweni: lipoti la mkangano wa bambo ndi mwana wawo kumpoto kwa Chipata

Ntchito yanga ndi yoyanjanitsa anthu pa nkhani za minda ndi chuma cha masiye m'midzi yozungulira Chipata. Sindine loya. Ndinaphunzira malamulo ongokwanira kuthandiza anthu asanafike kukhoti, ndipo masiku ambiri ofesi yanga imakhala mthunzi wa mango. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito ngati yanga, komanso alangizi a zaulimi amene amagwera m'milandu yotere atapitira zina. Banja linavomera kuti ndilembe, koma mayina a anthu, a mudzi ndi a mfumu ndabisa. Ndizingoti bambo, mayi, mwana, ndi mwana wa mlongo.

Mmene nkhani inandipezera

Anabwera ndi mwana, mu Meyi 2024. Ndikuti mwana chifukwa cha malo ake m'nkhaniyi, koma ndi munthu wa zaka 36, wa mkazi ndi ana anayi. Anali ndi kope la ana asukulu lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Asanakhale n'komwe anati: "Ndithandizeni kutenga taito ya munda wa atate asanaupereke kwa munthu wina."

Chaka chimenecho tonse tikuchikumbukira. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema anali atalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Kumudzi kwawo, cha kunjira ya ku Lundazi, chimanga chinapserera chikutulutsa ngayaye. A Food Reserve Agency, bungwe la boma logula chimanga, anaika mtengo wa K330 pa thumba la makilogalamu 50, koma mwanayo analibe ngakhale thumba limodzi lopita nalo kudepoti, pomwe ngongole ya feteleza kwa wogulitsa wina wa m'tauni inali ikumudikira. Maganizo ake anali akuti akakhala ndi chikalata cha boma cha munda, akakongola ndalama, akumbitse chitsime ndi kuika pampu ya sola, asiye kudalira mvula yokha.

M'kopemo analembamo zonse zimene anaika m'mundamo kuyambira 2013, chaka chimene anasiya ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Kamwala mu Lusaka bambo ake atagwidwa ndi sitiroko. Munali ng'ombe ziwiri zolimira, pulawo, ripa, ngolo, malata a nyumba ya makolo ake, ngakhale ndalama za aganyu opalira. Tsamba lililonse linali ndi chaka chake pamwamba. Ndaona makope ambiri a alimi, koma lolembedwa mosamala chotero ndi losowa, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti munthu salemba choncho ngati mtima wake uli m'malo. Kwa zaka 11 ankasonkhanitsa umboni wa mlandu umene ankadziwa kuti udzabwera.

Moto unayaka pamaliro. Mu Epulo mlongo wa bambo anamwalira, ndipo polankhula kumanda bamboyo anati iwonso akadzatsikira kuli chete, "munda wa atsibweni udzabwerera kwa eni ake," akuyang'ana mwana wamwamuna wa malemuyo. Mwana wawo sanamve ndi makutu ake, anali atapita ndi ngolo kukatenga nkhuni. Anauzidwa ndi mkazi wake usiku. Kutacha anakhoma loko chipinda chosungira mbewu, n'kutenga ng'ombe zonse zisanu kukazisiya kukhola la apongozi ake. Bambo anakadandaula kwa a nyakwawa kuti mwana waba ng'ombe, ndipo anali atanena kale kuti Lolemba akwera njinga kupita kupolisi. Kuba ng'ombe kuno ndi mlandu wa zaka zambiri m'ndende, choncho chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kupempha a nyakwawa kuti awagwire mwendo bamboyo kwa milungu iwiri.

Pamene ndinalakwitsa

Msonkhano woyamba ndinauwononga ndekha, ndipo ndilemba momveka kuti wina asadzabwereze.

Tinakhala pakhonde la bambo: iwo, mayi, mwana, a nyakwawa ndi ine. Pofuna kuonetsa kuti ndikudziwa ntchito, ndinatulutsa pepala n'kuyamba kufotokoza lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo, lija limati magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Cholinga changa chinali kufika pa mfundo yakuti lamuloli silikhudza malo a mafumu. Sindinafikepo. Bambo anatsamira ndodo, anaimirira pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wakumanzere, n'kundifunsa: "Amayi, mwabwera kudzandiika m'manda? Nsalu mwatenga?" Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mayi sanalankhule kanthu. Anangotola makapu. A nyakwawa pondiperekeza anati, "Munthu akali kudya nsima simumuwerengera magawo." Ananena zoona. Ine ndinabwera ndi nkhani ya cholowa, pomwe mwini chumacho anali atakhala pampando patsogolo panga, ndipo mwana wawo anali atawalanda kale kiyi wa mbewu ndi ng'ombe. Kwa iwo pepala langa linali kulandidwa kwachitatu.

Zimene aliyense ananena ali yekha

Ndinadikira masiku anayi, kenaka ndinabwerera wopanda chikwama, wopanda pepala. Bambo ndinawapeza akusenda nshawa zochepa zimene zinapulumuka. Ndinapepesa, ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo. Tinatha pafupifupi ola tikukamba za chigodola chimene chinapha ng'ombe zawo zaka za m'mbuyomo, ndi za mbewu ya nshawa ya Chalimbana imene amati imakoma kuposa mitundu yatsopano yochokera kumalo ofufuzira za ulimi a ku Msekera. Nkhani ya munda anaiyamba okha.

Ali ndi zaka 71. Munda waukulu, wa malima 20, kapena kuti mahekitala 5, anaulandira mu 1979 atsibweni awo atamwalira. Atsibweniwo anali ndi ana awo aamuna atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatsala pamundapo. Onse anapita kwawo kwa mayi awo. "Ndinawaona akunyamula makasu awo," anatero bambo, "ndipo wamkuluyo anali mnzanga wosakira naye mbewa. Sanandikwiyire. Ndiye ine lero ndinene kuti mwambo unali wabwino pamene unkandipatsa, waipa pamene ukundiuza kubweza?" Anawonjeza kuti akaupereka kwa mwana wawo, azilongo awo kumanda adzawafunsa, ndipo amoyo adzati anadya za mbumba. Munthu wa ku Chipata angaseke mawu amenewa. Ine sindinaseke, chifukwa mantha a kunenedwa kuti unadyera mbumba ndi enieni, ndipo m'midzi yathu amatsatana ndi kulozana ufiti wina akangodwala.

Chinawapweteka kwambiri si taito ayi. Ndi loko. Anati m'mawa wina anafuna kutapa mpendadzuwa pang'ono kuti akayengetse mafuta, anapeza chitseko chokhoma, n'kukapempha kiyi kwa mpongozi wawo, mtsikana amene iwo anamulipirira ng'ombe. Anabwereza zimenezi katatu.

Mwana ndinakumana naye kumsika wa Kapata, kumene anabwera kudzagulitsa mbuzi. Mlandu wake unali wosavuta kuumva. Mayi ake anabwera pamudzipo mwa chitengwa, kuchokera cha ku Chadiza. Mwa mwambo wa Achewa kwawo kwa mwanayo ndi kumeneko, koma iye anangopitako kumaliro kawiri kapena katatu, ndipo minda ya kumeneko inagawidwa kalekale kwa amene anatsala. Mkazi wake ndi Mngoni wa kwa Mpezeni. Anamulowola, choncho kwa makolo a mkaziyo ana ndi a bambo, ndipo alibe gawo kumeneko. "Kwa amayi kulibe malo. Kwa akazi anga akuti ana ndi anga. Kwa atate akuti ndine mlendo. Nanga ana anga ndi a kuti?"

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndikulimva kawirikawiri tsopano. Kuno Achewa a Kalonga Gawa Undi ndi Angoni a Mpezeni akhala akukwatirana kwa mibadwo, ndipo munthu amatha kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, n'kupitanso ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, osaona chovuta. Chovuta chimaoneka pa munda. Mwambo uliwonse pawokha umamupatsa mwana malo penapake. Koma miyambo iwiri ikakumana m'nyumba imodzi, pali ana ena amene amagwera pakati ngati madzi a pa mphambano ya madenga. Kale tchire linalipo, a nyakwawa ankangoloza kuti kaswe mphanje uko. Mudzi umenewu tchire linatha.

Ndinamufunsa ngati bambo ake anamulonjezapo mundawo pomuitana kuchokera ku Lusaka. Anaganiza kwa nthawi, n'kunena kuti mawu awo anali akuti, "Bwera udzasunge pakhomo." Iye anamva kuti pakhomo padzakhala pake. Bambo ankatanthauza kuti adzawasunge iwo. Kwa zaka 11 palibe anafunsa mnzake kuti mumatanthauzanji.

Kuyenda m'malire

Ndinapempha kuti tiyende mundawo wapansi, onse, tisanakhalenso pansi. Bambo anakwera ngolo ya mnansi chifukwa ng'ombe zawo zinali zisanabwerere, ndipo zimenezi zokha zinamuchititsa mwana manyazi amene mawu anga sakanatha kumuchititsa.

Anthu onse awiri ankati "munda," ngati ndi umodzi. Poyenda tinapeza kuti ndi itatu, ndipo uliwonse uli ndi mbiri yake.

Tinayambira pa mzere wa khonje wakale, masamba ake ena atauma n'kugwera m'njira. Kuchokera pa khonjepo kutsikira kumtsinje ndiwo munda wa atsibweni. Dothi lake ndi lofiira, lolemera, ndipo mwana anadzalamo misangu m'mizere mu 2015 atalangizidwa ndi alangizi. Mitengoyo tsopano yapitirira denga la nyumba, ndipo imayoyola masamba nthawi ya dzinja monga mwa chikhalidwe chake, n'kusiya chimanga chikulandira dzuwa. Mwanayo anaima pansi pa umodzi, anaumenya ndi chikhatho, osanena kanthu.

Titadutsa chulu chachikulu chimene pamwamba pake pali mtengo wa bwemba, bambo anauza woyendetsa ngolo kuti aime. Analoza ndi ndodo n'kunena kuti kuyambira pachulupo kukafika kuphiri, malima 12, linali tchire lokhalokha mpaka 1986. Anapempha kwa a nyakwawa a nthawiyo, amalume a a nyakwawa alipowa, n'kupereka nkhuku. Anagwetsa mitengo ndi nkhwangwa zaka ziwiri, mayi akuzula zitsa ali ndi pakati. "Pano palibe thukuta la atsibweni," anatero okha, popanda wowafunsa. M'mphepete mwake muli mitengo ya mango inayi, umodzi pa mwana aliyense amene anabadwa. Wachiwiri kuchokera kuchulu ndi wa mwana wa nkhani yathuyi, ndipo iye sankadziwa.

Wachitatu ndi dimba la kudambo, losakwana lima imodzi. Titafika pamenepo mayi analankhula koyamba chiyambire nkhaniyi. Anati dimbalo anapempha okha kwa a nyakwawa, chaka cha njala ya 1992, ndipo repu ndi tomato wa pamenepo ndiye anaphunzitsa ana onse anayi. "Mukamagawana zanuzo, apa musapondepo." Bambo ndi mwana anayang'anana. Onse awiri anali ataliwerengera dimbalo m'chuma chimene ankalimbirana.

Zimene lamulo likunena, ndi zimene silikunena

Apa ndiye panayenera kubwera pepala langa lija, ndipo ndinalifotokozera mwana payekha.

Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo limazindikira malo a mwambo amene amayang'aniridwa ndi mafumu. Limalola kusandutsa malo a mwambo kukhala a lizi, kutanthauza obwereka ku boma kwa zaka zofika 99, koma pafunika chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo nkhani isanapite kwa Commissioner of Lands, mkulu wa boma woona za malo. Limatinso anthu amene kusinthako kungawakhudze ayenera kufunsidwa. Mu 1999, pa mlandu wa Siwale ndi Siwale, khoti lalikulu la Supreme Court linaimira kumbali ya abale amene m'bale wawo anatenga taito ya malo a malemu bambo awo m'dzina lake yekha osawafunsa. Ndinamuuza mwanayo mosabisa kuti ngakhale atapeza njira yachidule yopezera sitampa ya mfumu, taito yotero ikhoza kudzagwedezeka m'khoti, atawononga kale ndalama za oyeza malo ndi maulendo.

Ndinamuuzanso zina ziwiri zimene sanazikonde. Choyamba, ngakhale bambo ake atalemba wilo yomupatsa munda wa atsibweni, wiloyo singagwire, chifukwa lamulo la mawilo nalonso, mofanana ndi lija la magawo, limasiya kunja malo a mwambo. Chachiwiri, malo akalowa m'lizi amatuluka m'manja mwa mudzi, amayamba kulipiridwa lendi ku boma, ndipo akakhala chikole cha ngongole, chaka china cha chilala ngati ichi akhoza kupita ndi banki. Anayankha ndi mwambi: "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Ndinamuuza kuti akunena zoona, koma kuti fodya wake ali kuseri kwa chulu, osati kutsogolo kwake.

Pali njira yapakati imene ena m'chigawo chino akuidziwa. Mafumu angapo a m'dera la Chipata, mothandizana ndi bungwe la Chipata District Land Alliance, anayeza minda n'kupereka ziphaso za malo a mwambo, zolembedwa dzina la wolima ndi mayina a ena okhudzidwa. Chiphaso chotero si taito, ndipo banki yaikulu singachilandire, koma chimatseka pakamwa pa munthu wodzanena mawa kuti malire anali pena. Mudzi umenewu ntchitoyo sinafikeko, choncho tinatsanzira nzeru yake ndi kalata wamba.

Amene palibe anawaitana

Mwana wa mlongo, amene aliyense ankamuona ngati wodzalanda munda, ndi telala ku Katete. Pafoni anandiuza kuti iye sanapemphe kanthu, khasu analisiya kalekale, ndipo mawu a atsibweni ake kumanda anamudzidzimutsa ngati wina aliyense. Kenaka anati: "Koma mwalankhula nawo azilongo anga?"

Ndinali ndisanalankhule nawo, ndipo uku kunali kulakwitsa kwanga kwachiwiri. Azimayi awiri, ana a malemu uja, amakhala m'mudzi momwemo. Wina ukwati unatha, wina mwamuna wake ndi mkamwini. Onse pamodzi ali ndi ana asanu ndi awiri ndipo amalima malima atatu a mchenga. Mwa mwambo, eni munda wa atsibweni ndi amenewa. Mwamuna amene amatchulidwa kuti walowa m'malo amangokhala woyang'anira mbumba, ndipo bambo nawonso mu 1979 analandira udindo umenewo, ngakhale kuti m'kupita kwa zaka anayamba kulima munda wonse okha. Wamkulu wa awiriwo anandiuza kuti chaka chilichonse amakagwira ganyu yopalira m'munda wa agogo awo, n'kulipidwa ndi msuweni wawo chidebe cha chimanga. Dzina lake ndinali nditaliona kale m'kope lija, pa mndandanda wa aganyu, koma sindinadziwe kuti ndi ndani.

Zimenezi zinasintha maganizo anga. Mpaka pamenepo mtima wanga unali kwa mwana, ndipo sindibisa. Koma munthu amene ankadziona ngati wolandidwa analinso, mosadziwa, akulima pa malo a anthu osauka kumuposa.

Bwalo ndi mgwirizano

Tinakhala pabwalo la a nyakwawa kumapeto kwa Juni. Ng'ombe zinali zitabwerera dzulo lake, chifukwa bambo anakana kukhala pansi zisanalowe m'khola, ndipo mwana anakana kuzibweza asanalonjezedwe kuti zakupolisi zatha. A nyakwawa anathetsa zimenezi mwa kutuma adzukulu awo kukazitenga, kuti pasakhale amene wagonja. Kunabwera ankhoswe a mbali zonse, azimayi awiri aja, telala wa ku Katete, ndi ana aakazi awiri a bambo. Mwana wotsiriza, amene amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu mu Chipata, anati ali wotanganidwa.

Loko anayamba ndiye. Mwana anagwada, anaika kiyi pamphasa patsogolo pa bambo ake n'kunena kuti, "Atate, apa ndinalakwa." Bambo anamuyang'ana kiyiyo nthawi yaitali, kenaka anamukankhira kwa mayi. Iwo sanapepese za mawu a kumanda, ndipo ine sindinawakakamize. Mwina ndinayenera kutero.

Zimene anagwirizana ndi izi. Mphanje ya kuseri kwa chulu bambo anavomera pamaso pa mbumba kuti ndi thukuta lawo ndi la mkazi wawo, ndipo azimayi aja anavomereza kuti alibe nayo mawu. Malima 8 anapatsidwa kwa mwana nthawi yomweyo, osadikira maliro. Malima 4 otsalawo ndi a mayi moyo wawo wonse, pambuyo pake adzakambirana ana onse. Munda wa atsibweni ukhala m'manja mwa bambo akali moyo, koma malima 6 a kumtsinje azimayi aja anayamba kulima dzinja lomwelo. Mwana apitiriza kulima mbali yotsalayo n'kumadyetsa makolo ake, ndipo bambo akadzamwalira adzakolola zimene zili m'munda, n'kulimanso dzinja limodzi, kenaka adzatuluka. Ng'ombe ziwiri zolimira, ngolo ndi ripa ndi zake. Zazikazi zitatu ndi za bambo. Dimba silinalowe m'kalata, mayi anakana.

Mfundo imodzi ndinaikakamira ine. Mkazi wobwera mwa chitengwa, mwamuna akamwalira, m'midzi ina amauzidwa kuti abwerere kwawo. Mayi amenewa akhala pamudzipo zaka zoposa 40. Ndinapempha kuti zilembedwe kuti nyumba ndi yawo ndipo palibe adzawasamutse. Panali kachetechete pang'ono, kenaka wamkulu wa azimayi aja anati, "Amenewa ndi amayi athu, adzapita kuti?" Ndinamuthokoza, koma ndinalembabe.

Panatsala nkhani ya misangu. Mwana anafunsa kuti zaka zisanu ndi zinayi zosamalira mitengoyo, ndi manyowa onse amene anathira m'dothi lofiiralo, adzamubwezera ndani. Palibe anayankha. Telala anati akhoza kumuthandiza ndi matumba a simenti akadzayamba kumanga, koma onse anadziwa kuti zimenezo sizikufanana. A nyakwawa anati wodzala mtengo m'munda wa eni wadzalira eni. Ndimaona kuti apa mwanayo anataya zambiri kuposa zimene zinali zoyenera, ndipo ndilibe njira imene ndikanamubwezera. Mwambo umadziwa kuwerenga amene anaswa mphanje, koma sunaphunzire kuwerenga amene anabwezeretsa chonde m'munda wotopa.

Kalatayo tinailemba m'Chinyanja, makope anayi, malire tikuwatchula ndi zinthu zooneka: khonje, chulu cha bwemba, mango anayi, mtsinje. Onse anasaina kapena kudinda chala, ndipo a nyakwawa anapita nayo kwa mfumu kukadinditsa. Ndinalangizanso mwana kuti alowe m'kopaletivi m'dzina lake, chifukwa zaka zonsezi feteleza wa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo zaulimi, ankabwera m'dzina la bambo ake ngakhale K400 yoperekayo inkachokera m'thumba lake. Nkhani ya taito ya malima 8 aja tinagwirizana kuti idikire zaka zitatu, ndipo ikadzayamba, abale ake onse adzafunsidwe.

Pamene zinthu zili

Ndinapitako mu Januwale 2025. Mvula inali bwino. Azimayi aja anali atadzala chimanga ndi nshawa pa malima awo 6, ndipo msuweni wawo anawalimira ndi ng'ombe, koma anawalipiritsa monga amalipiritsira wina aliyense. Wamkuluyo anandiuza zimenezi akuseka, ngakhale sindikudziwa ngati kusekako kunali kochokera pansi pa mtima. Pampu ya sola inagulidwa, yaing'ono, ndi ndalama za mbuzi ndi za gulu la azimayi losunga ndi kubwereketsana. Ili padimba la mayi, ndipo amene amanena tsiku lothirira ndi mayiwo.

Ndinapitakonso mu Julaye, atakolola. Mwana waumba njerwa ndipo akumanga nyumba kuseri kwa chulu, pafupi ndi mango ake. Wachoka pakhomo pa makolo ake. Amabwera m'mawa kudzatulutsa ng'ombe, amapereka moni ali chiimire, n'kumapita. Bambo sanapitebe kukaona maziko a nyumbayo, akuti mwendo, ngakhale ngolo ilipo. Ndiwo zimayenda pakati pa makomo awiriwo m'mbale ya mayi, ndipo adzukulu amagona kumene dzuwa lawalowera.

Mlungu wapitawu mwana wotsiriza uja, wa njinga yamoto, anandiimbira foni. Wamva kuti mkulu wake wapatsidwa malima 8 pa 12, ndipo akufuna kudziwa kuti pa mango anayi aja, wake ndi uti, ndipo waima mbali iti ya malire atsopano. Ndinayang'ana pa kalata. Uli mkati mwa malima 8. Ndamuuza kuti abwere Lachinayi, ndipo ndatumiza uthenga kwa a nyakwawa.